Mtsinje wakwanu ungayatse mudzi, koma kaupimeni mu Okutobala

Achimwene ena a ku Nkhata Bay anditumizira imelo, akuti: "Kwathu kuli mtsinje wotsika m'phiri ndipo suuma. Mapolo a ESCOM sitikudziwa adzafika liti. Kodi sitingapange magetsi athuathu?"

Zotheka achimwene, ena anayamba kale. Ku Bondo, ku Mulanje, a MEGA, kampani yaing'ono ya magetsi ya komweko, amapanga magetsi pa mtsinje wa Lichenya nkumagulitsa m'midzi, anthu amagula mayunitsi ngati m'tauni momwe, laisensi anatenga ku MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ku Karonga kuli Wovwe wa EGENCO, mamegawati pafupifupi 4.5. Komanso namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 nkutichotsera mamegawati pafupifupi 130, tonse tinaona kuwawa kodalira Shire yekha.

Koma mawu anu oti "suuma" aja ndi amene akundikayikitsa. Kusauma sikokwanira ayi. Mu Febuluwale kamtsinje kalikonse kamaoneka kaukali, inu mukaupime mu Okutobala kapena Novembala mvula isanagwe. Tchingani ndi matumba a mchenga kuti madzi onse azidutsa pa paipi imodzi, tcherani ndowa ya malita 20, muone masekondi angati kuti idzadze, mugawe 20 ndi masekondiwo kuti mupeze malita a pa sekondi. Kenako pimani kutsika kwake, mamita angati kuchoka pomwe mupatutse madzi kufika pomwe pakhale makina. Masamu achidule ndi awa: malita a pa sekondi, kuchulukitsa ndi mamita, kuchulukitsanso ndi 5, yankho lake ndi mawati. Ndiye malita 20 pa sekondi akamagwa mamita 30 mupeza mawati 3,000 basi. Mababu, kutchaja mafoni, ka TV, zitheka ndithu. Chigayo iwalani, mota yake imafuna kuposa pamenepo kangapo.

Ndipotu nkhani ya chigayoyo si yaing'ono, chifukwa makinawo amazungulira usana ndi usiku koma anthu amayatsa onse nthawi imodzi madzulo, masana magetsi amangotayika, pomwe mawaya, mapolo ndi mapaipi mwagula modula, ena ndi forex yomwe ikusowayi. Popanda wowotcherera zitsulo, wometa, wa filiji kapena chipatala cholipira masana, ndalama ya mababu siingagule bearing ikatha. Komiti ikayamba zoti uyu ndi m'bale wa amfumu asalipire, ndiye mwathera pomwepo.

China ndi kumtunda. Anthu akamadula mitengo ya makala nkumalima mpaka m'mphepete, mvula ikagwa madzi amabwera ndi mchenga womwe umadya tebaini (gudumu la makina lomwe madzi amazunguza), chilimwe madzi nkuchepa. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa miyala ndi matope m'phiri la Mulanje, za ku Bondo zinaonongeka nawo. Ndiye kanyumba ka makina musakamange m'khwawa chabe chifukwa paipi yafupika.

Mukapima munditumizire manambalawo, malita ndi mamita, komanso mabizinesi omwe alipo kale kwanuko. Akachepa kwambiri ndikuuzani mosabisa kuti bola sola.