Matayala a tilela yonyamula nthochi: yang'anani nambala ya katundu

Achimwene, mwafunsa ngati matayala otsala a galimoto yaing'ono angalowe m'malo mwa amene atha pa tilela yanu yonyamula nthochi kuchokera ku Thekerani. Pa limu alowa ndithu, koma ine sindingakulimbikitseni.

Pambali pa tayala, motsatira manambala a saizi, pamakhala nambala yonena katundu amene tayala limodzi lingasenze. Tayala la 155/80R13 lokhala ndi 79 limasenza makilogalamu 437 basi. La 155R13C (C akutanthauza tayala la magalimoto onyamula katundu) lolembedwa 90/88 limasenza 600, chikhalirecho kukula n'kofanana. Ndiye matayala awiri, kwina 874, kwina 1,200. Musaiwale kuti tilelayo nayo ili m'kati mwa kulemerako, osati nthochi zokha, ndipo mikoko yosapsa imalemera kuposa mmene maso amaonera.

Tayala lolemedwa limapindika m'mbali nthawi iliyonse likazungulira, limatentha, nsalu zam'kati n'kuyamba kulekana ndi labala. Kunja limaoneka bwinobwino mpaka kuphulika. Ndi zitunda ndi makona a ku Thyolo kuno, tilela ikaphulitsa tayala pamtsetse imakoka galimoto kumbali, m'mphepete muli ana asukulu ndi akabaza. Apa m'pamene pamandiopsa ine.

Gulani awiri ofanana okhala ndi C, muziwapopa m'mawa asanatenthe, chifukwa makilogalamu 600 aja amakwana pokhapokha mpweya uli wokwanira monga alembera patayalapo. Mukafuna akaunjika ku Limbe, onani manambala anayi a kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo za DOT pambali pa tayala: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2019. Long'aluka m'mbali lisiyeni, ngakhale mapanga ake akhale akuya.