Kodi kudula mizu ya bonsai sikupha mtengo?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Johannesburg, yofunsa za bonsai, mitengo imene imaleredwa mumphika kuti ikhale yaing'ono. Funso lawo, mwachidule, ndi ili: "Zaka zitatu zapitazo ana anga anandigulira kamtengo ka bonsai ka mtundu wa ficus, ndipo kali mumphika wosazama. Masiku ano ndikathirira, madzi sakulowa, akungoyenderera m'mbali n'kutsika, komanso mizu yatulukira pamabowo a pansi. Wogulitsa anandiuza kuti ndikazule n'kudula mizu, koma mtima wanga ukukana. Kodi sindingangokasamutsira mumphika waukulu n'kuthiramo dothi la padimba ndi manyowa? Pa intaneti ndawerenga kuti ntchitoyi imachitika mu Malichi, ndiye ndikufuna kuyamba."

Mayi, zikomo kwambiri pondilembera. Wogulitsa uja sanakunamizeni ayi. Mtengo wanu wafika poti mizu idulidwe, ndipo mukausiya mmene uliri ndi pamene uyambe kufooka. Koma chonde musaukhudze mu Malichi. Pa zonse mwalembazi, mweziwu ndi umene wandidetsa nkhawa kwambiri kuposa kudulako.

Tiyambe ndi zimene zikuchitika mumphikamo. Mtengo sumwa madzi ndi mizu ikuluikulu yolimba ija. Madzi ndi chakudya zimalowera pa timizu tating'onoting'ono tofewa tokhala kunsonga. Kutchire muzu umapita kutali kukafuna nthaka yatsopano, koma mumphika ukafika pakhoma umakhota n'kuyamba kuzungulira, chaka ndi chaka, mpaka malo onse atha. Dothi lomwe linalimo limaphwanyika n'kumatana, mipata yodutsa madzi ndi mpweya imatsekeka. N'chifukwa chake madzi anu akuthawira m'mbali pamene pakati pali pouma. Mizu nayo imapuma, ndipo ikasowa mpweya imafa n'kuyamba kuwola. Tsono mukadula muzu wautali, chakumbuyo kwa balalo kumaphuka timizu tambiri tatsopano, pafupi ndi tsinde. Mtengo umatsala ndi mizu yaifupi koma yakumwa bwino, komanso mumphika mumapezeka malo a dothi latsopano. Amene anagwirako ntchito ku nazale ya mitengo kwathu ku Malawi amazidziwa kale izi: mbande za m'machubu zikatulutsa mizu pansi n'kuyamba kulowa m'nthaka, amazinyamula n'kudula mizuyo, kuti tsiku lokawokera zisakafote.

Ngati mtima ukukayikabe, taganizirani za paini wina amene ali ku National Arboretum, munda wosungirako mitengo mumzinda wa Washington ku America. Anayamba kusamalidwa ngati bonsai mu 1625 ku Japan, ndipo anakhala m'banja la a Yamaki kwa mibadwo ingapo. Analipo ku Hiroshima pamene bomba linagwa mu 1945, ndipo a Masaru Yamaki anamupereka ngati mphatso kwa anthu a ku America mu 1976. Mtengo sungakhale mumphika zaka pafupifupi 400 popanda manja ouzula, kudula mizu ndi kusintha dothi mobwerezabwereza, mbadwo ndi mbadwo.

Tsopano za nthawi. Zambiri zimene mumawerenga pa intaneti zinalembedwa ndi anthu a ku Japan, ku Ulaya kapena ku America, kumene Malichi ndi mwezi woti chisanu chikutha, mitengo ikudzuka, mphukira zayamba kutupa. Lamulo lenileni si dzina la mwezi. Mizu imadulidwa pamene mtengo uli pafupi kuyamba kukula mwamphamvu, kuti mabala apole msanga. Ku Johannesburg Malichi ndi khomo lolowera kuzizira. Mukadula pamenepo, mtengo udzakhala ndi mabala osapola m'dothi lozizira mu Juni ndi Julayi monse, ndipo ndi mmene mizu imawolera. Kumwera kwa Africa kuno, mitengo imene imayoyola masamba m'nyengo yozizira imasinthidwa mphika cha mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Ficus ndi wina: ndi m'bale wake wa kachere ndi mkuyu, mtengo wa kotentha, ndipo umafuna kuti ngakhale usiku kukhale kutafunda. Ineyo ndikanadikira Okutobala kapena Novembala, pamene mukuona timasamba tatsopano tikutuluka kunsonga za nthambi.

Mphika waukulu si tchimo. Akatswiri amene akufuna kuti thunthu linenepe amabzala dala mtengo m'bokosi lalikulu kwa zaka zingapo. Koma kungousamutsa osamasula mizu sikuthetsa vuto lanu, chifukwa mpira wolimba uja udzakhalabe pakati, wouma, pamene dothi lozungulira lidzakhala lonyowa nthawi zonse popeza mulibe mizu yomwa madziwo. Ngati mukukonda msinkhu umene mtengo uli nawo, ubwezereni mumphika womwewo.

Koma dothi la padimba ndiye ayi, ndipo apa ndilimbikirapo. Pali chinthu chimene ambiri sachiyembekezera: mphika wosazama umasunga madzi kwambiri kuposa wozama. M'munsi mwa mphika uliwonse mumatsala dothi lokhuta madzi, ndipo mumphika wosazama gawo limeneli ndi pafupifupi mphika wonse. Mukaikamo dothi lamakande kapena manyowa osalala, mizu idzakhala m'matope. N'chifukwa chake alimi a bonsai amabzala m'timibulu m'malo mwa dothi wamba. Ku Japan amagwiritsa ntchito akadama, dongo lofiirira la timibulu limene amakumba m'chigawo cha Kanto, ndipo kawirikawiri amalisakaniza mofanana ndi timiyala topepuka ta pumice ndi timiyala ta chiphalaphala cha mapiri ophulika. Akadama ndi wabwino chifukwa amasunga chinyezi koma osatseka mpweya, ngakhale kuti patapita zaka zingapo naye amaphwanyika, chimene ndi chifukwa chinanso chosinthira dothi. M'malo ogulitsira bonsai ku South Africa amapezeka, koma ndi wodula chifukwa ndi wochokera kutali. Ficus safuna zapamwamba chotero. Mchenga wa kumtsinje wa maso akuluakulu, njerwa yowotcha yophwanya, ndi makungwa a paini owolerana, zonse zosefa bwino, zimakwanira. Timibulu tikhale ta mamilimita 2 mpaka 6. Kusefako musakunyalanyaze, chifukwa fumbi ndi limene limatseka mipata.

Tsiku la ntchito likafika, konzekeranitu zonse mtengo usanatuluke mumphika, chifukwa timizu tating'ono timauma msanga pamphepo. Gwirirani ntchito pamthunzi, ndipo dothi likhale louma pang'ono, osati lothirira kumene. Yang'anani pansi pa mphika: ngati pali waya womanga mtengo, mudule kaye. Yendetsani mpeni m'mbali mwa mphika, kenaka pendeketsani mtengo n'kuutulutsa mosakoka mwamphamvu. Tengani kamtengo kosongola, monga timitengo tija amadyera anthu a ku Japan, n'kumapesa mizu kuchokera patsinde kupita kunja, modekha, mpaka ija yozungulira itamasuka n'kulendewera. Pansi napo chitani chimodzimodzi.

Apa ndi pamene dzanja limanjenjemera, ndiye ndinene momveka. Sizasi ikhale yakuthwa ndi yoyera. Yambani ndi mizu yakuda, yofewa kapena yonunkha, imeneyo ndi yakufa kale. Kenaka fupikitsani yaitali yozungulira ija, ndiponso yonenepa yolunjika pansi. Timizu tating'ono tapafupi ndi tsinde tisungeni momwe mungathere, ndi timene tiupulumutse mtengo m'masabata oyambirira. Pa ulendo wanu woyamba musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu yonse. Ficus amapirira ngakhale kudulidwa koposa pamenepo, koma palibe chokuthamangitsani, ndipo zotsalazo mudzazikonza ulendo wina. Mizu imene ikuyala pamwamba mozungulira tsinde, imene a ku Japan amaitcha nebari, muisiye. Ndi imene imapangitsa kamtengo kuoneka ngati mtengo wakale wogwira nthaka. Podula mudzaona utomoni woyera ukutuluka. Si vuto kwa mtengo, koma ena umawayabwa pakhungu, ndiye musaugwiritse m'maso.

Tsukani mphika, tsekani mabowo ndi kaneti kuti timibulu tisagwe, ndipo lowetsani waya pamabowowo. Thirani dothi pang'ono, pakati likhale lotumphuka, khazikani mtengo pamenepo n'kuumanga ndi waya uja. Anthu ambiri amadumpha kumangaku, koma mtengo wogwedezeka umadula timizu tatsopano tisanakhwime. Mukagwira thunthu n'kuligwedeza pang'ono, mphika nawo uzigwedezeka limodzi. Dzazani dothi, n'kumalilowetsa pakati pa mizu ndi kamtengo kaja kuti pasatsale mphako. Pomaliza thirirani mpaka madzi otuluka pansi atayera.

Mitengo yambiri imafa pambuyo pa ntchitoyi, osati pa tsiku lake, ndipo kawirikawiri chifukwa cha chikondi chopitirira. Mwini akaona masamba akuyoyoka amawonjezera madzi, kenaka feteleza, kenaka amauzulanso kuti aone ngati mizu yaphuka. Musatero, mayi. Ficus amataya masamba ena akasokonezedwa, ndipo amaphukanso. Muikeni powala koma posawomba dzuwa lamasana kapena mphepo kwa masabata awiri kapena atatu. Thirirani pokhapokha pamwamba payamba kuuma, pokumbukira kuti mizu yochepa imamwa pang'ono. Feteleza adikire mpaka patapita mwezi, mutaona mphukira zatsopano. Nthambi zikuluzikulu musazidule pa nthawi yomweyi, kupatula zitalizitali zochepa ngati masamba achuluka kwambiri. Mtengo wachinyamata ngati wanu udzafunanso ntchitoyi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Yokalamba imatha kukhala zaka zisanu, ndipo chokuuzani ndi mmene madzi akulowera, osati kalendala.

Kwa owerenga ena amene ali ndi mitundu ina, zimene ndalembazi musazitengere pa mtengo uliwonse. Paini sachotsedwa dothi lonse lakale nthawi imodzi, chifukwa mizu yake imadalirana ndi timaulusi toyera ta mtundu wa bowa timene timaithandiza kuyamwa chakudya. Mukationa musatitsuke poganiza kuti ndi matenda. Mlambe, umene alimi a bonsai a ku South Africa amaukonda kwambiri, uli ndi muzu wonenepa wosunga madzi, ndipo ukadulidwa bala lake limafunika liume kaye, apo ayi umawola. M'nyengo yozizira, pamene ulibe masamba, suthiriridwa n'komwe.

Nanga inu mutani kuyambira pano mpaka Okutobala? Tengani kamtengo kosongola muboole timabowo tingapo m'dothi lolimbalo mpaka pansi. Pothirira, mizani mphika wonse m'beseni la madzi mpaka thovu litasiya kutuluka, kenaka muutulutse ukhe bwinobwino, ndipo musausiye utakhala m'mbale ya madzi. Mizu yotulukira pansi ija mukhoza kuidula pamabowo pomwepo ngati ikutseka njira ya madzi. Kukayamba kuzizira lowetsani mtengo m'nyumba pafupi ndi zenera lowala, kutali ndi hita, chifukwa chisanu cha ku Johannesburg ficus sangachipirire. Mu Seputembala yambani kusefa mchenga ndi njerwa zanu, ndipo mukadzauzula mundijambulire mizuyo musanadule, ndidzakuonetsani yoyenera kuchoka.