Musalole anthu kusankhana okha pa table tennis ya awiriawiri

Asisi, mwafunsa kuti kuntchito kwanu mukufuna kupanga kampikisano ka table tennis ka awiriawiri ndiye simukudziwa ngati anthu azisankha okha osewera nawo kapena muwasankhire. Ife tinapangapo zimenezi kuofesi kwathu ku City Centre chaka chatha, ndiye chomwe ndikupempheni ndi ichi, musalole anthu kusankhana okha, chitani maere.

Ife poyamba tinalakwitsa pomwepo. Anyamata awiri a ku IT omwe ankasewera kuyambira ku sekondale anatengana tsiku loyamba lomwelo, sabata yoyamba anakwapula aliyense, sabata yachiwiri azimayi ambiri anasiya kubwera, amangodyera lanchi pa desiki basi. Zinandiwawa chifukwa cholinga chathu chinali choti anthu adziwane. Ndiye tinayambiranso. Tinalemba mayina pa timapepala n'kuika m'makapu awiri a tiyi, kapu imodzi ya odziwako, ina ya ongoyamba kumene, ndipo timu iliyonse inatuluka ndi mmodzi wa uku mmodzi wa uko, osayang'ana kuti uyu ndi bwana uyu ndi mesenjala.

Izi zimatheka chifukwa cha lamulo la gemuyi. Pa awiriawiri mumamenya mosinthana, wina akamenya wotsatira ndi mnzake, sizili ngati tennis kapena badminton komwe katswiri atha kumangothamangira mpira uliwonse mnzake ataima. Apa ukamenya kawiri motsatizana pointi yapita kwa enawo. Ndiye wodziwa uja alibe kuchitira mwina, ayenera kumuphunzitsa mnzakeyo ndi kumuikira mpira poti enawo asamubwezere wamoto.

Sindidzaiwala amayi ena a ku akawunti, achikulire ndithu, omwe ambirife timawaopa, anagwera timu imodzi ndi dilaivala wathu wa ku Area 25 yemwe ndi wamanzere. Tsiku loyamba amagundana mapewa, mayiwo akamenya amangoima pomwepo kuonerera mpira wawo. Kenako tinamumva mnyamata uja akuti "Madam, mukamenya muzifutukira kumanzereko, mundipatse njira", mayiwo n'kuyankha kuti "chabwino aphunzitsi". Wamanzere ndi wamanja akakhala timu imodzi zimawayendera chifukwa aliyense amakhala mbali yake osapingasana, moti anafika mu semi fainolo, ndipo mpaka pano akakumana pa koliido amaima n'kumacheza.

Malamulo muwalembe papepala n'kumata pakhoma musanayambe, chifukwa mikangano yambiri imachokera pa kuseva. Pa awiriawiri mpira wa woseva uyambe wagunda mbali yake ya kumanja ya tebulo, kenako udumphe neti n'kugwera mbali ya kumanja ya wolandira, mopingasa choncho, ndiyo ntchito ya kamzere koyera kapakati pa tebulo kaja. Aliyense amaseva kawiri, ndiye amene amalandira uja ndi amene aseve tsopano, ndipo amasevera mnzake wa amene wangomaliza kuseva. Poyamba zimazunguza mutu koma mukasewera magemu awiri zimalowa. Gemu imathera pa mapointi 11, ndipo mukafika 10-10 mumaseva kamodzikamodzi mpaka wina atsogole ndi awiri. Achikulire ena adzakuuzani kuti ndi 21, musakangane nawo, akunena zoona za nthawi yawo, lamulolo linasintha mu 2001. Komanso mpira poseva uzikhala pachikhatho chotambasula, uponyedwe m'mwamba masentimita osachepera 16, osati kuubisa ndi mkono. Pezani munthu mmodzi wosasewera gemu imeneyo kuti aziwerenga mapointi mokweza mawu.

Za malo, tebulo lake ndi lotalika mamita 2.74, ndiye anthu anayi ozungulira pamenepo amafuna mpata waukulu kumbuyo ndi m'mbali, chotsani mipando ndi makabati. Musaliike panja. Kampirako kamalemera magalamu 2.7 okha, ndiye ndi mphepo ya mu July ndi August kuno ku Lilongwe kamangopita kwina, ngakhale fani ya m'chipinda muzimitse. Mipira gulani yambiri chifukwa imapondedwa, ndipo ngati pansi pali matailosi anthu abweretse nsapato za raba, ya muofesi ija imaterera.

Nthawi yabwino ndi ya lanchi. Ife tinayesa poweruka koma sizinayende, munthu wa ku Likuni kapena ku Lumbadzi sangatsale kumasewera pamene akuganiza za minibasi ndi ana kunyumba, ndipo amene amatsala anali a magalimoto okhaokha. Pa lanchi muzisewera magemu atatu, wopambana awiri wapambana, pa ola limodzi matimu anayi kapena asanu ndi limodzi amatha kusewera bwinobwino. Musayambenso ndi zoti wagonja watuluka, gawani matimu m'magulu kuti timu iliyonse isewere kangapo, munthu woyamba kumene amafunika masiku angapo kuti dzanja lizolowere.

Mphoto isakhale ndalama, pakalowa ndalama anthu amayamba kudandaula kuti maere anawapatsa munthu wosatha. Ife tinasonkha pang'onopang'ono n'kugula kachikho kakang'ono ku Old Town, fainolo tinaiika Lachisanu ndi zakumwa ndi mandasi, ndipo ngakhale alonda a pageti anasinthana kubwera kudzaonerera. Ngati mukufuna pepala lathu la malamulo ndi mmene tinagawira magulu ndiuzeni asisi, ndikadali nalo mufoni, ndikutumizirani ku inbox.