Kosi ya first aid ya masabata awiri sikufikitsa ku London mphwanga

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa ku Ntcheu amene wapeza mapointi 24 pa MSCE. Akuti anaona pa Facebook za Magen David Adom, bungwe la ma ambulansi la ku Israel, kuti ndi lovomerezeka dziko lonse, ndiye iye akufuna apange kakosi ka first aid basi azipita kunja kukagwira ntchito ya paramedic, yothandiza odwala ndi ovulala mu ambulansi. Bambo ake akuti zachibwana zimenezo, abwereze folomu 4 mpaka alowe udokotala ku KUHeS. Makalata otere ndimalandira pafupipafupi, mwana kulota zakunja kholo kulota dzina loti dokotala, palibe amene wafufuza kalikonse.

Mphwanga, tiyambe ndi bungwe lakukopalo. Linayamba mu 1930 ku Tel Aviv, mu 1950 boma la Israel linakhazikitsa lamulo lake, koma a Red Cross padziko lonse anadzalilandira mu 2006, patatha zaka 76, ndipo vuto silinali luso ayi koma chizindikiro, nyenyezi yofiira ya bungweli sinali m'mapangano a ku Geneva mpaka mu 2005 mayiko anagwirizana zowonjezera chizindikiro china chotchedwa red crystal. Tsono mvetsa, chomwe chinavomerezedwa ndi bungwe, osati setifiketi ya aliyense wokwera mu ambulansi. Munthu payekha amavomerezedwa ndi khonsolo ya dziko lomwe akukagwirako ntchito. Ku Britain sungadzitchule paramedic usanalembetse ku HCPC. Ku Joni ndi HPCSA, ndipo digiri yake ndi ya zaka 4, monga ya ku University of Johannesburg kapena Durban University of Technology, fizi yake bambo akoyo akaimva agwira pakamwa. Kapepala ka masabata awiri sikatsegula khomo lililonse mwa amenewa, usadzinamize.

Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi iyi. Ngati ma credit a Biology, Chemistry, Physics ndi masamu alipo, funsira dipuloma ya clinical medicine ku Malawi College of Health Sciences, zaka 3, ukamaliza ulembetse ku Medical Council of Malawi. Kapena unesi, ma koleji a CHAM alipo. Kenako upemphe kugwira ku casualty, kofikira anthu angozi. Iwe ndi wa ku Ntcheu, M1 umaidziwa, minibasi ikagubuduka anthu amafika pa chipatala cha boma atanyamulidwa pa lole ya munthu wachifundo, wina wathyoka msana wina magazi osaleka, ndipo amene amawalandira usiku ngati umenewo nthawi zambiri ndi clinical officer ndi nesi. Luso ukulifunalo limaphunziridwa pamenepo, ndipo pepala lake ndi lomwe khonsolo yakunja ingathe kuliyang'ana n'komwe. Podikira, kadzipereke ku Malawi Red Cross Society, uone kaye ngati magazi umapirira nawo, ena amakomoka tsiku loyamba.

Inu bambo, zobwereza folomu 4 kawiri katatu chifukwa choti mukufuna pamudzi azikuti bambo a dokotala zimanditopetsa kwambiri. Kuchoka pa 24 kufika pa mapointi omwe amalowera udokotala sizichitika kwa ambiri, mungomudyera zaka mwanayu. Wakuuzani yekha kuti akufuna kupulumutsa anthu angozi, ana angati masiku ano amanena zimenezo?

Iwe maganizo uli nawo abwino ndithu, kungoti ukufulumira. Nditumizire magiredi ako a Biology ndi Chemistry tione ngati ukukwanira, apo ayi ubwereze maphunziro awiri okhawo.