Oyilo wa Hilux sinthani nokha, koma muyang'ane chimene chikugwera m'beseni

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi Hilux ya dizilo, ija ya 2.5 D-4D, mumayenda nayo m'misewu yafumbi ya cha ku Nthalire, galaja yoti n'kuidalira ili kutali, ndiye mukufuna kudziwa ngati mungamasinthe oyilo nokha pakhomo, komanso oyilo wake ndi uti. Sinthani nokha, musachite mantha. Ndi ntchito ya ola limodzi, ndipo ulendo wachiwiri ola silidzakwana n'komwe. Ndalama ya makaniko imene mupulumutse si yambiri ayi. Chimene ine ndimakondera kulowa ndekha pansi pa galimoto n'chakuti oyilo wotuluka ndimamuona ndi maso anga. Kugalaja mnyamata amangokokera beseni kumbali, inu muli pa foni panja, ndipo zimene injini imafuna kukuuzani zimatayidwa kuseri.

Tiyambe ndi zogula, chifukwa anthu ambiri amaonongera injini pa shelefu, sipanala asanaigwire. Injini yanuyo ndi 2KD, ndipo imayenda bwino ndi oyilo wa dizilo wa 15W-40. Tembenuzani chigubu muwerenge kumbuyo, mupeze pamene palembedwa API CI-4 kapena CH-4. Chilembo C chikutanthauza kuti ndi wa injini za dizilo. Musade nkhawa ndi chisanu cha ku Nyika m'mwezi wa June, 15W-40 amapirira kuzizira koposa pamenepo. Imamwa pafupifupi malita 7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, ndiye gulani chigubu cha malita 5 ndi timabotolo titatu ta lita imodzi, kotsalako kazikhala kuseri kwa mpando. Kwa ena amene muli ndi Hilux zatsopano za 2.4 kapena 2.8 GD zimene zinayamba kutuluka mu 2015, izi si zanu zonse: ngati yanu ili ndi DPF, sefa ija ya mwaye ya ku ekizozi, imafuna oyilo wochepa phulusa wa ACEA C2, ndipo 15W-40 wamba adzaitseka.

Oyilo mugule pa filling station kapena m'sitolo yodziwika, chivindikiro chili chomata. Wotsanulidwa kuchokera mu diramu n'kuikidwa m'botolo la madzi akumwa musiyeni, ngakhale wogulitsayo alumbire pa manda a agogo ake. Fyuluta nayonso chimodzimodzi. Zabodza zadzaza, katoni yake yokongola kuposa yeniyeni, koma mukainyamula imapepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo mukasuzumira m'kati mumaona pepala lopindidwa mwaulesi. Gulaninso kawasha katsopano ka pa bawuti ya sampu, chibeseni cha pansi pa injini m'mene mumakhala oyilo. Kamaoneka kachabechabe koma ndi kamene kamaletsa kudontha. Mukamaliza ntchito, zigubu zopanda kanthuzo muziboole ndi mpeni. Zigubu zabwinobwino zotayidwa ndi zimene akamberembere amatola n'kuthiramo zawo.

Za makilomita, wina akuuzani kuti 10,000. Zimenezo n'za galimoto ya m'tauni yoyenda pa tala. Inu amene mumameza fumbi kuyambira May mpaka November, kenako matope mpaka April, mutanyamula matumba a chimanga pa giya yaing'ono, musapitirire makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chimene chayamba kukwana. Kukwera phiri pa low range, giya ija yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono, injini imazungulira kwambiri koma mita yamakilomita imangoyenda pang'ono, ndiye oyilo amatopa msanga kuposa mmene mita ikuonetsera.

Tsiku la ntchito, imikani galimoto pamalo osatsetsereka, apo ayi muyeso wa oyilo udzakunamizani. Lizani injini mphindi 5 mpaka 10 kuti oyilo afunde, asachite kuwira. Kokani handibuleki, ikani m'giya, ikani miyala kumatayala, makiyi m'thumba mwanu. Hilux ndi yaitali mokwanira, munthu amalowa pansi popanda jeke. Ngati mwaikweza ndithu, musagone pansi pa galimoto imene yatsamira pa jeke yokha, ngakhale kwa mphindi imodzi. Yalani katoni, tengani beseni lolowa malita 10, sipanala ya 14 yozungulira mutu wonse wa bawuti, chomasulira fyuluta, nsanza zambiri ndi tochi.

Ngati chitsulo chotchinga pansi chija chikuphimba, chichotseni, ndipo mudzadabwa ndi dothi ndi udzu umene umabisala mmenemo. Pukutani mozungulira bawuti ya sampu musanaimasule. Onetsetsani kuti ndi ya injini, chifukwa chakumbuyo pang'ono kuli ina ya giyabokosi, ndipo alipo anthu anakhuthula giyabokosi n'kuthira malita 7 ena pamwamba pa oyilo wakale wa injini. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo pamwamba kuti mpweya uzilowa. Bawuti ya sampu ija iyambeni kumasula ndi sipanala, kenako muzimasula ndi zala mukuikankhira m'kati, ndipo ikafika kumapeto muichotse mwachangu. Oyilo amayamba ndi kuthamanga patali, osati kugwa molunjika, ndiye beseni lisunthireni kumene akulowera. Musiyeni adonthe mphindi 15.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mudekhe. Kuda kokha kusakuopseni. Oyilo wa dizilo amada bii chifukwa cha mwaye, ngakhale watsopano amada pakangopita masiku ochepa. Chimene mukuyang'ana ndi china. Ngati akuoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi, kaya powoloka mtsinje kaya kuchokera ku gasiketi ya hedi, ndipo muyang'anenso kunsi kwa chivindikiro chothirira ngati kuli zoyera ngati chambiko. Ngati ndi wamadzimadzi, akununkha dizilo, ndipo watuluka wambiri kuposa amene munathira, dizilo akulowa m'sampu, nkhani yake ndi ya ma injector, tizipangizo tofaira dizilo m'injini. Tengani pang'ono pa chala mutikite ndi chala chinzake. Akhale woterera. Mukamva timchenga, fumbi likudutsa penapake. Tulutsani beseni padzuwa mulipendeketse: tinthu tonyezimira ngati tazitsulo ndi ma bearing amene akudyeka.

Pa injini za KD izi pali vuto lina lodziwika bwino. Pansi pa injector iliyonse pamakhala kawasha ka kopa. Kakayamba kutaya, utsi wa m'silinda umakwera n'kukaphika oyilo pamwamba pa injini, n'kupanga zibulumwa zakuda ngati makala. Zibulumwazo zimatsikira m'sampu n'kukatseka kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo. Injini imayamba kusowa oyilo sampu ili yodzaza, ndipo tsiku lina imangogwira. Ndiye oyilo akasiya kudontha, walitsani tochi pa bowo la sampu, muone ngati kasefako kali koyera, ndipo pokhuthula beseni muone ngati pansi patsala nsenga zolimba. Mukazipeza, thirani oyilo watsopano koma ulendo wotsatira ukhale wa kwa makaniko wodziwa dizilo. Mawasha anayi amenewo ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi injini.

Bawuti ya sampu ibwezeni ndi kawasha katsopano. Yambani ndi zala mpaka ikhale pansi, ndipo ikamalimba isanafike musaikakamize, mazinga apingasa. Kenako sipanala, mpaka mumve kuti kawasha kagwira, basi. Osaika paipi pa sipanala, osapondapo ndi mwendo. Mazinga a sampu akadyeka, ntchito ya ola limodzi imasanduka ya sabata.

Fyuluta pa Hilux imeneyi imafikiridwa kuchokera pamwamba mutatsegula boneti, ndipo imakhala chozondoka, kukamwa kuli pansi. Choncho musavutike kuithira oyilo musanaimange monga ena amachitira pa galimoto zina, angotayika. Pukutani fumbi lonse mozungulira musanaimasule, chifukwa bowo limenelo ndi khomo lolowera m'mitsempha ya injini. Mukachotsa yakale, itembenuzeni muone ngati mphira yake yozungulira yatuluka nayo limodzi.

Apa ndikunena zimene zinandionekera. Tsiku lina ndinasintha mofulumira kukuda, mvula ikubwera. Mphira ya fyuluta yakale inakanirira pa injini, ine osaiona, n'kumanga yatsopano pamwamba pake. Nditaliza injini zonse zinaoneka bwino kwa kamphindi, kenako ndinamva ngati wina akuthira madzi pa katoni. Nditasuzumira, oyilo watsopano uja akuchita kufwamphuka m'mbali mwa fyuluta, akutsika pa chasisi, pansi patapangika kale kadziwe. Mwayi wanga unali wakuti ndinali ndisanachoke pakhomo. Ndinataya malita awiri ndi malaya abwino. Zikanachitika ndili pa liwiro pamsewu, bwenzi tikukamba za injini ina. Kuyambira pamenepo ndimapisa chala pamalopo ndisanamange, ngakhale mphira yakale ndikuiona m'manja mwanga.

Yatsopanoyo ipakeni oyilo pang'ono pa mphira ndi chala, muimange ndi dzanja. Mphira ikakhudza, onjezerani pafupifupi magawo atatu a magawo anayi a kuzungulira kumodzi. Chomasulira chija ndi chomasulira basi, si chomangira.

Thirani malita 6 kaye, kudzera pa fanele yoyera kapena botolo lodula, osati mphepo ikuwomba fumbi. Dikirani pang'ono, yezani ndi dipstick (kawaya koyezera oyilo), onjezerani mpaka afike pafupi ndi kadontho kapamwamba. Tsekani, lizani injini osaponda mafuta, chifukwa turbo ikudikira oyilo. Nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani injini pomwepo. Ikamalira, suzumirani pa fyuluta ndi pa bawuti ya sampu ndi tochi. Zimitsani, dikirani mphindi 5, yezaninso, chifukwa fyuluta yamwako. Musadutse kadontho kapamwamba poganiza kuti mukuikomera mtima injini. Oyilo wochuluka amachita thovu ndipo amakankha ma seal.

Popeza manja ada kale, tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. Kwa inu a m'fumbi imeneyi ndi yofunika ngati oyilo yemweyo, chifukwa fumbi lodutsa apa ndi limene mumalimva ngati mchenga pa zala paja. Igogodeni pang'onopang'ono, musaichape ngati ndi yapepala, ndipo ikang'ambika kapena kuda kwambiri isintheni. Pukutani m'bokosimo ndi nsanza yonyowa, muonenso paipi yopita ku turbo ngati ilibe mng'alu. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kokhetsera madzi, kamasuleni pang'ono madzi atuluke. Popani girisi m'timabele ta propshaft, chitsulo chachitali cha pansi chopititsa mphamvu kumatayala. Ndipo ngati dzinja lapitali munawoloka madzi ofika pa ma hub, pakatikati pa tayala, tsegulani bawuti yothirira ya difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala awiri) yakutsogolo ndi yakumbuyo muone mtundu wa oyilo wake. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madzi, ndipo anthu amasamala injini n'kuiwala kumeneko.

Oyilo wakudayo muthireni m'chigubu chotseka bwino, chosiyana ndi za madzi kapena mafuta ophikira, kutali ndi ana. Musamuthire m'ngalande, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime, ndipo zomapaka ziweto pa zilonda kapena pofuna kupha nkhupakupa zija n'zoipa, muli zitsulo ndi mwaye zimene zimalowa m'thupi. Inunso sambani m'manja ndi sopo mukangomaliza. Mukadzapita ku Chitipa kapena ku Rumphi mudzanyamule, mudzafunse kumagalaja amene amasonkhanitsa.

Lembani tsiku, makilomita ndi mtundu wa oyilo m'kabuku kokhala m'galimoto momwemo. M'mawa mwake musananyamuke, yang'anani pansi pamene galimoto inagona ngati pali dontho, muyezenso kamodzi injini ili yozizira. Mukasintha koyamba, jambulani za m'beseni padzuwa ndi kunsi kwa chivindikiro chothirira, mutumize tione limodzi.