Wailesi kapena wayilesi? Mabokosi asakuzunguzeni mutu

Achimwene ena aku Chinamwali alemba kuti akakamira pa mpikisano wa mawu wodzaza mabokosi uja, funso likuti "chipangizo chomvera nkhani ndi nyimbo", mabokosi alipo 8 koma wailesi ili ndi zilembo 7. Akufunsa ngati wolemba funso anaphonya.

Sanaphonye achimwene, iyeyo analemba wayilesi, kuika y pakati pa a ndi i monga ena amalembera mayi pomwe ena akuti mai. Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, wireless, kutanthauza chopanda waya, ndipo pofika 1964 pomwe MBC imayamba anali atakhazikika kale pakamwa pa anthu. Kalembedwe konse kawiri mukapeza m'manyuzi. Vuto ine ndimaliona kwa okonza mipikisanoyi, munthu funso loyamba walemba wayilesi kenako pansi apo walemba mai wopanda y, ndiye wodzaza adziwa bwanji. Sankhani njira imodzi basi muitsate mpaka bokosi lomaliza.

Mayi ena aku Matawale akuti iwo anadzaza batile, anzawo batire, mkangano mpaka pa foni. Apa anzanuwo apambana mayi. Malamulo a kalembedwe omwe Chichewa Board inatulutsa mu 1973 nkuwakonzanso mu 1980 ndi 1990 amati r imabwera pambuyo pa i kapena e, pomwe l imatsatira a, o ndi u. Nchifukwa chake timati batire, kulira, kubwera koma kulola. Mundifunsa kuti nanga wailesi bwanji ili ndi l pambuyo pa i? Eya imeneyo inazolowereka choncho, mawu obwereka ena samvera lamulo, ndipo mukalemba wairesi anthu akusekani. Bodi ija kulibenso, ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies konkuno ku Zomba mu 1996.

Funso lomwe landisangalatsa ndi la mnyamata wokonza mawailesi mu msika wa Zomba, akuti kodi mlongoti ndi eriyo nzofanana? Mu mpikisano musazisakanize. Eriyo ndi kachitsulo kosolola kaja kali pa wailesi yanu, kamene mumakapinda uku ndi uku siteshoni ikamaphwephwera. Mlongoti ndi chachitali chozika pansi kapena pa denga, monga ija mumaiona pamwamba pa phiri la Zomba yoponya mafunde kutali. Amaikweza pamenepo dala chifukwa mafunde a FM, apakati pa 87.5 ndi 108 MHz, amayenda molunjika ndipo phiri likatchinga sadutsa bwino. Mabokosi akakhala 5 ndi eriyo, akakhala 8 yesani mlongoti.

Nanga thiranzisita, fyuzi, sipika? Lembani momwe amisiri amatchulira, osavutika kupeka mawu oti ngakhale okonza mawailesi sangawazindikire. Sipika yokha ili ndi mnzake wabwino, mkuzamawu, zilembo 9, koma ameneyo anthu amamutchula kwambiri pa za misonkhano ndi maliro, osati kasipika ka mu foni.