Musathamangire kugula bwato, yambani mwazolowera nkhafi

Achimwene, mwafunsa kuti mugule bwato lotani, popeza inu ndi mnzanu mukufuna ulendo wa masiku anayi pa nyanja zing'onozing'ono ndi mtsinje wa kutchire, kumagona m'matenti, ndipo mwati nonse awiri munangopalasapo pang'ono pa madzi odekha. Ine ndikuti ndalamazo zisungeni kaye. Bwerekani bwato kapena chitani hayala, pezani anthu odziwa oti muziyenda nawo, ndipo miyezi ikubwerayi ithere pa kuphunzira nkhafi. Bwato ngakhale likhale lodula chotani, wolipalasa akakhala wosadziwa limangopita kumene mphepo yafuna.

Wowongolera bwato ndi amene wakhala kumbuyo. Wakutsogolo ntchito yake ndi kupereka liwiro, kuona miyala ndi kunena msanga zimene waona. Mumapalasa mbali zosiyana, wina kumanja wina kumanzere, nkhafi zikulowa m'madzi nthawi imodzi. Koma ngakhale mutero, bwato limapatukabe. Wakumbuyo akamapalasa kumanja, mphuno ya bwato imathawira kumanzere, chifukwa nkhafi yakumbuyo imakhotetsa kwambiri kuposa yakutsogolo. Ongoyamba kumene amathana nazo posinthasintha mbali, madzi n'kumadonthera pa katundu, mapewa n'kutopa dzuwa lisanafike pamutu.

Mankhwala ake ndi kapalasidwe kotchedwa J-stroke, ndipo ngati pali chinthu chimodzi choti muchigwire musananyamuke, ndi chimenechi. Viikani nkhafi kutsogolo pafupi ndi mbali ya bwato, itaima chilili, dzanja lam'mwamba litatulukira kunja pamwamba pa madzi. Kokani molunjika kumbuyo, osatsata kupindika kwa bwato. Nkhafi ikangodutsa pa chiuno chanu, potozani dzanja lam'mwambalo mpaka chala chachikulu chiloze pansi, kenako kankhirani nkhafiyo kunja pang'ono. Kukankha kochepako ndi kumene kumabweza mphuno pa mzere. Masiku oyamba dzanja limawawa ndipo bwato limachedwa chifukwa mumakankha mopitiriza. Musakhumudwe. Sankhani mtengo umodzi kutsidya, muuyang'ane osayang'ana nkhafi, muzipalasa kuloza pomwepo. Tsiku lina mudzangoona kuti dzanja likudzipotokera lokha. Mphamvu izichokera m'chiuno ndi m'msana, thupi likutembenuka limodzi ndi nkhafi, chifukwa mikono payokha singapirire tsiku lonse.

Mnzanu wakutsogolo aphunzire kukokera bwato cham'mbali: kuviika nkhafi patali ndi bwato n'kuikokera kwa iye, komanso kuchita zomwezo mbali inayo osasintha kagwiridwe ka manja. Ndi mmene amazembera mwala umene wakumbuyo sakuuona. Ndipo nonse zolowerani kugwada, mawondo atatakasuka, matako atatsamira pa mpando. Mafunde akayamba, munthu wogwada amakhazikika kuposa wokhala.

Mwafunsa za mtsinje, koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa ulendo wanu ndi mphepo ya panyanja. Bwato lotseguka lili ndi mbali zazitali zimene mphepo imagwira mosavuta, ndipo nyanja imene m'mawa inali bata ndithu imatha kuwinduka masana. Muzilawira, mtunda waukulu muuthe m'mawa. Muziyenda kufupi ndi gombe ngakhale njirayo italike, osadula pakati chifukwa choti tsidya likuoneka pafupi. Katundu wolemera akhale pansi, pakati pa bwato, atamangidwa. Mukamayenda molimbana ndi mphepo, sunthirani katundu kutsogolo pang'ono kuti mphuno isamauluzike. Ikakhala kumbuyo kwanu, kulemera kukhale chakumbuyo. Mafunde musawapatse nthiti ya bwato, aduleni chopendekera pang'ono. Mukaona thovu loyera pamwamba pa mafunde, kocheza ndiye nzeru. Pa masiku anayiwo, limodzi liwerengereni kuti mwina lidzathera pa gombe kudikira mphepo, ndipo chakudya chake munyamuliretu. Anthu ambiri amalowa m'mavuto chifukwa choti analonjeza kufika tsiku lakuti.

Musanapite kutchire, gubuduzani bwato dala. Chitani zimenezi pa madzi osaya, ofunda, anzanu ali pomwepo. Muone mmene bwato lodzaza madzi limalemerera, muyese kukweramo, muyese kukapa madzi. Muphunzirenso kupulumutsana ndi mabwato awiri: lotembenuzikalo mumalikokera chafufumimba pamwamba pa linzake mopingasa, madzi onse n'kukhuthuka, kenako mumalitembenuza n'kulibwezera m'madzi, n'kuligwira mwamphamvu eni ake akamakwera. Apa mwaona kale vuto la ulendo wa bwato limodzi. Palibe wokuchitirani zimenezi.

Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse, yomangidwa bwino, ili ndi wezulo. Yoikidwa pansi pa mpando ilibe ntchito. Ngati kumene mukupitako madzi ndi ozizira, nkhani yake ndi yaikulu, chifukwa madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Gordon Giesbrecht wa ku University of Manitoba, amene anafufuza kwambiri za anthu ogwera m'madzi ozizira, amaphunzitsa manambala atatu, 1-10-1: mphindi imodzi yoti mupuma mwabefu mpaka mpweya ukhazikike, mphindi 10 zimene manja ndi miyendo zikugwirabe ntchito, ndi pafupifupi ola limodzi munthu asanakomoke ndi kuzizira. Mphindi yoyambayo ndi imene imamiza odziwa kusambira, akakokera madzi m'mapapo. Jekete imasunga mutu pamwamba mpaka befu athe.

Za mtsinje tsopano. Mathithi ndi malo othamanga madzi amaikidwa m'magulu kuyambira Class I, osavuta kudutsa, mpaka Class VI, oopsa kwambiri. Inu ndi bwato lodzaza katundu musapitirire Class I, ndipo Class II muiyambe pokhapokha pali wokutsogolerani. Mukamva mkokomo kutsogolo, kochezani mukaone ndi maso muli pamtunda. Mukakayika, senzani bwato ndi katundu mudutse wapansi. Palibe wodziwa amene angakusekeni. Choopsa kwambiri si mwala ayi, koma mtengo wogwera m'madzi, umene madzi amapyola m'nthambi zake koma munthu amakanirira. Utalikireni, chimodzimodzinso khoma lalifupi lotchinga mtsinje, poti madzi a pansi pake amazungulira n'kumabweza munthu pomwepo. Mukagwera m'madzi othamanga, gonani chagada, mapazi ali pamwamba ataloza kumene madzi akupita. Musayese kuimirira madzi akadali opitirira m'mawondo, phazi lingakanirire pa miyala madzi n'kukugwetsani chafufumimba. Ndipo khalani kumbali imene madzi akuchokera, bwato lili kumunsi kwanu, kuti lisakupanikizeni pa mwala, popeza lita iliyonse ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndipo m'bwato mumalowa malita mazanamazana.

Zonsezi n'zovuta kuziphunzira powerenga. N'chifukwa chake ndikuti funani gulu la opalasa kufupi ndi kwanu. Mabungwe monga American Canoe Association, limene linayamba mu 1880, ndi Paddle Canada ali ndi maphunziro a masitepe, ndipo makalabu ambiri amatsata njira zofanana ndi zimenezo. Opalasa ambiri ndi anthu omasuka. Adzakubwerekani nkhafi, adzakhala kumbuyo kwanu n'kukuuzani pamene dzanja likulakwa, adzakuphunzitsani zizindikiro za pamtsinje: nkhafi yokwezedwa mopingasa ndiye kuti imani, yoimika chilili ndiye kuti bwerani, wezulo katatu ndiye kuti pali ngozi. Ulendo wanu woyamba wogona kutchire ukhale wa usiku umodzi, mabwato awiri kapena atatu. Gulu lisakulenso kwambiri. Ku Boundary Waters, dera la nyanja zambiri ku Minnesota ku America, salola anthu opitirira 9 kapena mabwato opitirira 4 pa gulu limodzi, pofuna kuti malo ogona asawonongeke, ndipo ine ndimaona kuti malire amenewo ndi abwino kulikonse. Ndisanaiwale, siyani mapu a njira yanu ndi tsiku lobwerera kwa munthu wodalirika, chifukwa foni kutchire musaidalire.

Bwatolo mukadzafika pogula, la anthu awiri ndi katundu wa masiku anayi likhale la mamita 4.9 mpaka 5.2, lomwe ogulitsa amati la mafiti 16 kapena 17. La aluminiyamu, ngati aja a kampani ya Grumman amene anayamba kupangidwa mu 1945, silifa msanga, koma limalemera makilogalamu oposa 30, limasokosera ndiponso limakakamira pa miyala. La Kevlar, ulusi wolimba koma wopepuka, limatha kulemera pafupifupi makilogalamu 20, ndipo msana umathokoza posenza, koma ndi lodula ndipo silikondana ndi miyala ya mumtsinje. La pulasitiki yolimba limapirira kugundidwa, kungoti nalonso ndi lolemera. Popeza njira yanu ili ndi mtsinje, ine ndingayambe ndi la pulasitiki logwiritsidwapo kale ntchito. Koma palasani mabwato angapo a anzanu m'gululo musanapereke ndalama, ndipo lililonse mulisenzeko pa mapewa mamita 200 kapena 300 kuti mumve kulemera kwake.